Musaizimitse

Foni ya Sibeso inalira azimayi ali pakati pa nyimbo. Mtsikanayo anaisuzumira mobisa, kenako anaiponya pamkeka ngati yamuotcha.

"Ni ba ticha," anatero. "Ba Lubinda batuma meseji."

Nyimbo inadukira panjira. Lubinda Sikota anali ataikidwa m'manda dzana, ndipo onse amene anali pakhonde la nyumba yake ku Highlands anaponyako dothi ndi manja awo. Miyoba, mkazi wa malemuyo, anatsinzina. Anali ataiwala kuti linali Lachinayi, teni koloko.

Mundia, mkulu wake wa Lubinda, anadzuka pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala azibambo. Anali munthu wodula mitengo ku Mulobezi, wosakonda kubwereza mawu. Anatola foniyo, naiyang'anitsitsa, naibweza kwa mwini wake.

"Werenga iwe. Mokweza."

"Lubinda Sikota waika phunziro latsopano. Mubweze mayankho Lolemba."

Asanamalize, mafoni ena awiri analira kumbuyo, pamene panakhala ophunzira ena obwera kudzapepesa.

Nkhani yake inali yosavuta, kukanakhala wofuna kuimva. Lubinda ankaphunzitsa masamu anthu akuluakulu obwereza mayeso a giredi twelofu: operekera zakudya m'mahotela ngati Sibeso, ogulitsa ziboliboli ku Mosi-oa-Tunya, oyendetsa matakisi ku bwalo la ndege. Anthu otere ntchito siiwalola kukhala m'kalasi. Choncho sukulu inamupempha kuti ayese pulogalamu ina yophunzitsira pa intaneti, yaulere, imene aliyense wodziwa angathe kuitsegula m'kati ndi kuikonza momwe afunira. Ikakhoza, sukulu yonse idzaigwiritsa ntchito. Lubinda anaiika pa kompyuta yakale m'chipinda chogona, nalembetsa ophunzira makumi anayi. Pakhoma anamata pepala la mafunso. Kodi imatseguka pa foni yotchipa? Imadya bando ya intaneti yochuluka bwanji? Netiweki ikathawa, phunziro limatsala m'foni? Ankachonga ndi cholembera chofiira, akung'ung'udza yekha, nsomba ikuzizira patebulo. Miyoba ankati anakwatiwa pamitala ndi bokosi la kompyutalo.

Maphunziro onse anawajambula ndi mawu ake, nawatchera kuti azituluka okha Lachinayi lililonse mpaka mayeso, amene anali atatsala milungu itatu. Kuchipatala, pakamwa patakhota kale, anangokwanitsa kunena chinthu chimodzi chomveka: musaizimitse. Miyoba sanaizimitse. Anakhoma chipinda, namanga kiyi pakona ya chitenje, podikira Lolemba pamene mkulu wa sukulu, Gladys Muleya, amabwera kudzakopera zonse.

"Ba mulamu," anayamba Miyoba, "ni kompyuta chabe. Banaikonza kudala kuti izituma yeka."

"Munthu wakufa atuma meseji?"

"Si beve. Ni mashini."

"Ine dzulo ninamumvela," anatero Mbaita, azakhali a malemu, osadzutsa mutu. "Mu chipinda muja. Enze kukamba, na uyu enze mukati."

Apa Miyoba analibe pothawira, chifukwa zinali zoona. Dzulo masana anthu akudya, anadzitsekera m'chipindamo, natsegula phunziro limodzi kuti angomva mwamuna wake akutsokomola asanayambe kulankhula. Masamu sankawamva n'komwe. Anangofuna mawuwo, ndipo analira mpaka kumva njala.

"Ndiye chifukwa chake mukiya," anatero Mundia pang'onopang'ono. "Tinaika bokosi chabe ku manda. Mufana wanga mwamusunga mu nyumba azikusebenzelani."

Mawu akuti ndondocha sanawatchule, koma aliyense anawamva: munthu wophedwa m'matsenga n'kusungidwa kuchipinda kuti azigwirira ntchito womuphayo. Azimayi amene anakhala pafupi ndi Miyoba anasendera, ngakhale amene m'mawa womwewo anamuthandiza kusamba.

"Leta kiyi."

"Lolemba, ba mulamu. Ba Muleya bakabwela, muzaona mweka. Bana ba sukulu balemba mayeso."

Khofi linamupeza asanatseke pakamwa. Anagwera pa ndowa ya madzi, khutu likulira. Pamene amadzuka, Mundia anali atatenga kale nkhwangwa imene ankawazira nkhuni za pamaliro. Chitseko cha chipinda chinapirira kawiri, kachitatu chinang'ambika.

M'katimo munalibe chilichonse choopsa. Bedi, makatani otseka, ndi bokosi lotuwa pansi pa tebulo, likulira pang'onopang'ono, kagetsi kobiriwira kakuphethira. Koma munthu akafika ndi nkhwangwa safuna kubwerera osadula kanthu.

"Tamverani, chipuma," anatero wina pakhomo.

"Ni fani ya mashini!" anakuwa Miyoba. Anadutsa pansi pa mkono wa Mundia, nadzigwetsa pa bokosilo, nalikumbatira. Linali lofunda.

"Choka."

"Mukandipha, mundiphe."

Mundia anamugwira duku ndi tsitsi lomwe, namukokera pansi. Miyoba anamuluma pamkono mpaka kumva mchere wa magazi. Bamboyo anamukankha ndi bondo pachifuwa, nakweza nkhwangwa. Miyoba anatambasula dzanja lamanja kuti atchinge, ndipo chigogo cha nkhwangwa chinatera pa zala zake. Anamva kuthyoka asanamve kupweteka.

Zotsalazo anazionera pansi, tsaya lili pa simenti. Mundia anazula zingwe, nakokera bokosi panja, naliwaza pakati pa bwalo. Ankatema ngati akutema mtengo wa mukwa, akufuula dzina la mng'ono wake, akulira.

"Lubinda, choka! Ine ninasiya sukulu giredi thu kuti iwe uphunzire! Ninakudyetsa na nkhwangwa iyi! Sunganisebenzele mukazi mu bokosi!"

Zidutswa anazithira parafini, naziyatsa. Utsi wa pulasitiki unadzaza bwalo, anthu akutsokomola, ndipo amuna khumi ndi awiri athanzi lawo anaimirira manja ali kumbuyo, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuletsa.

Sibeso ndi amene anapita ndi Miyoba kuchipatala pa takisi ya wophunzira mnzake. Zala zitatu zinali zothyoka. Gladys Muleya anawapeza komweko, ndipo Miyoba anamufunsa funso limodzi lokha, ngati kusukulu kunali kope lina. Mayiyo anapukusa mutu. Lubinda anali atanena kuti adzakopera akamaliza kuchonga. Maphunziro makumi awiri ndi anayi, mayankho a ophunzira, zonse zimene komiti ya sukulu imayembekezera kuona, zinathera m'motomo.

"Tipite ku polisi," anatero Gladys.

"Bazanibwezela mau yake?"

Miyoba anabwerera kunyumba ali ndi chidani chimene sanachidziwepo chibadwire. Ankafuna Mundia afe, ndipo sanachite nazo manyazi.

M'mawa mwake linali tsiku logawa zovala za malemu. Mkeka unayalidwa pabwalo, pafupi ndi pamene panada ndi moto. Miyoba anatulutsa zovala mu wadiropu ndi dzanja limodzi, popeza palibe amene anafuna kulowanso m'chipindamo. Kumbuyo kwa nsapato anapeza kabokosi ka foni yatsopano, ya mtengo wotsika, katamangidwa ndi labala. Pamwamba panali kapepala, kolembedwa ndi cholembera chofiira:

"Woyesera wa 41: ba Mundia. Ndiwapatse pa Khirisimasi, tili awiri. Ikamveka kwa iwo, pulogalamu yakhoza. Ikawavuta, sukulu isaitenge."

Anakhala pabedi. Anatsegula foniyo, napeza phunziro limodzi losungidwa m'kati, losafuna netiweki. Pa zonse zimene Lubinda anajambula, ili lokha ndi limene linapulumuka. Akanatha kuibisa m'chitenje, n'kumamvera yekha zaka zonse zotsala, ndipo palibe akanadziwa. Analingalira zimenezo nthawi yaitali ndithu, mpaka Mbaita anaitana panja kuti dzuwa likukwera.

Anatuluka, nadutsa mulu wa malaya ndi mathalauza, naika foniyo pamkeka patsogolo pa Mundia. Sanagwade.

"Iyi siyogawa. Ili na mwine wake."

Mundia anayang'ana kapepalako, nayang'ana kumbali. Mkono wake unali womangidwa ndi kansalu.

"Bakamba chani?"

Miyoba sanamuwerengere. Anawerama, nadina ndi chala cha kumanzere.

Kunamveka kutsokomola. Kenako Lubinda anapereka moni m'Chilozi, mwaulemu wonse wa mwana kwa mkulu wake. Mbaita anagwira pakamwa. Amuna awiri anadzuka kuti athawe, koma Mundia sanasunthe.

"Ba Mundia, ni ine," anatero mawuwo. "Musakalipe. Kalasi iyi naikiya, kulibe wina angaione, ni imwe na ine chabe. Nipepese, nachedwa zaka forte. Lelo tiyamba na zina yanu. Iyamba na M, mapiri yabili yogwirizana. Tengani pensulo na pepala. Musathamange. Nizayembekeza."

Ndipo anayembekezadi. Foni inakhala chete, koma kanambala ka nthawi kakuyendabe. Lubinda sanadule pojambulapo. Anakhala duu kutsogolo kwa makinawo, akupuma, kupatsa mkulu wake mpata wofunafuna pensulo. Patali m'kati mwake munkamveka galu wa oyandikana nawo, ndi Miyoba akutsuka mbale kukhitchini.

Mundia ananyamula foniyo ndi manja onse awiri. Anayang'ana uku ndi uku pamkeka. Panali malamba, mataye, masokosi, koma chimene ankafuna panalibe, ndipo sakanatha kupempha.

Miyoba anali asanamukhululukire. Anapisa m'thumba la jekete imene Lubinda ankavala kusukulu, natulutsa pensulo yolumidwalumidwa kumapeto, naiika pa bondo la mlamu wake.

"Mwaipeza?" anafunsa Lubinda. "Chabwino. Tiyeni."