Dontho Lofiira pa Diresi la Ukwati

Atelala analuma ulusi ndi mano monga mwa masiku onse, ndipo dontho lofiira linagwera pa diresi loyera la ukwati wa mwana wawo. Anayesa kulibisa ndi chikhatho, koma mkazi wawo anali ataliona kale.

"Sizasi ili pamphuno panu pomwepo, bambo. Mano anuwo anakulakwirani chiyani?"

"Ka chiseyeye chabe aka. Kanapha ndani?"

"Amati tsoka silinunkha, koma lanuli ine ndimalimva mukangoyasamula."

Atelala anaseka nawo, koma mumtima munali mantha. Masiku amenewo, akapalasa makina kwa nthawi yaitali, pachifuwa pankawathina ngati avala malaya a mwana. Akulu awo anamwalira ndi nthenda ya mtima chaka chathachi, osatsanzika. Atelalawo ankangofuna kudzaona mwana wawo atavala diresilo.

M'mawa mwake mkazi wawo anawakokera kuchipatala. Dokotala anamvetsera pachifuwa, n'kuwatumiza kukayezetsa magazi. Atabwerako ndi zotsatira, dokotalayo anati, "Tayasamulani."

Atelala anadabwa. "Adokotala, ine ndabwera ndi mtima. Mukundiona mano ngati mukugula mbuzi?"

"Magazi anu akusonyeza kuti penapake m'thupimu pali kutupa kosatha. Nkhama zanuzi zatupa kwambiri."

"Nanga nkhama ndi mtima zinadziwana liti?" Apa sankatsutsa ayi, ankafunadi kudziwa. Safunsa anadya phula.

Dokotala anafotokoza kuti nkhama zikamatuluka magazi, tizilombo ta m'kamwa timatha kulowa m'magazi, ndipo kutupa kukakhalitsa mitsempha ya mtima nayonso ingathe kuvutika. "Sindikunena kuti nkhama ndizo zayambitsa vuto lanuli. Akatswiri akufufuzabe. Koma odwala nkhama kwambiri, ambiri amapezekanso ndi vuto la mtima. Mtimawu tiupimanso bwino, koma kwa dokotala wa mano mupiteko."

Atelala anagwira mpendero wa malaya awo. "Ndiye kuti zili ngati ulusi. Ukaukoka kumpendero kuno, nsalu imakwinyika kumtunda uko."

"Mwaona, mumamva ndithu zikabwera pa nsalu," anatero mkazi wawo.

Ali m'njira, atelala anakumbukira akulu awo aja mmene ankasekera atatseka pakamwa ndi dzanja, ndiponso mpango wawo wa m'thumba umene sunkasowa madontho ofiira. Abale onse ankawaseka nazo. Palibe anafunsapo kanthu, ndipo zimenezi zinawawawa atelala kuposa pachifuwa paja.

Atafika pakhonde losokera, anamasula chidutswa cha diresi chothimbiriracho n'kusokapo china. Ulusi utatsala lende, mutu unawerama wokha mwachizolowezi. Anaima, n'kutenga sizasi.

"Kwa wamano kuja amatsegula nthawi yanji?" anafunsa.

"Bwanji, mwayamba kuopa imfa?"

"Ayi," anatero atelala akudula ulusiwo. "Ndikufuna pa chithunzi cha ukwati ndidzaseke mano onse ali pamtunda."