Kunsi kwa Njanji

Ndinapita kumzinda chifukwa cha bondo. Adokotala akwathu anati likufunika makina amene iwo alibe, ndipo ndikakhalako masiku atatu. Mwana wanga wachisamba amagwira ntchito komweko, amasoka mayunifolomu pafakitale, koma zokagona kwa iye sindinaziganizire n'komwe. Chaka chatha anandiuza kuti amagona atsikana anayi m'chipinda chimodzi. Pafoni anangoti, "Mukafika tikambirana, amayi." Ine zokambirana ndilibe nazo nthawi. Ndinapita kwa mnzanga amene timaphika naye kusukulu, yemwe anakhalapo mumzindamo, ndipo anandilembera madera ake papepala.

Mwanayo anandichingamira kudepoti dzuwa lili paliwombo. Kutentha kwa kumeneko n'konyowa, bulauzi imachita kumatirira kumsana. M'manja anali ndi beseni latsopano lapulasitiki.

"Beseni n'lachiyani?"

"Ndangoligula."

Mu minibasi ndinatulutsa pepala lija n'kuyamba kuwerenga mokweza, poti ine ndimawerenga choncho.

"Kumtunda, pafupi ndi chipatala: kwabwino, kumapita mphepo. Kumsika: phokoso, koma madzi sasowa. Kunsi kwa njanji: usayerekeze. Mvula ikagwa zimbudzi zimalowa m'nyumba. Anthu ake ukawapatsa moni wa pamanja, uwerenge zala."

Kondakitala anaseka. Kuseka kwakeko kunandikomera, ndiye ndinawonjezera zanga zomwe papepala panalibe.

"Munthu woleredwa bwino angakhale malo otero? Kumeneko n'kusowa kwawo."

Mwana wanga ankangoyang'ana pawindo, beseni lili pamiyendo.

Posankha pogona ndili ndi njira yanga. Makatani sindiwayang'ana. Ndimatsegula mpopi, ndimanunkhiza pilo, kenako ndimatukula matiresi pakona kuti ndione ngati m'misoko muli nsikidzi. Nyumba ya alendo yoyamba, mpopi unangotsokomola. Yachiwiri inali ya masitepe, bondo linakana lokha. Mwanayo ankanditsatira ndi chikwama changa. Kamodzi kokha anati, "Amayi, bwanji tikhale kaye pansi ndikuuzeni kanthu?"

"Tikhala tikapeza chipinda. Fulumira."

Yachitatu inali pachitunda. Mwini wake anatitsegulira chipinda n'kutisiya. Madzi anatuluka, pilo sankanunkha mutu wa munthu, misoko ya matiresi inali yoyera. Ndinatsegula windo. Kumusi, kutsidya kwa njanji, kunali madenga adzimbiri othithikana, opsinjidwa ndi miyala ndi matayala, ngalande yakuda ikudutsa pakati.

"Ndi kuja?"

"Ndi kuja, amayi."

"Taona. Ngakhale nkhumba zingadandaule."

Posakhalitsa munalowa mayi woyeretsa m'zipinda, atanyamula thaulo ndi sopo. Atangoona mwana wanga anaponya thaulo pabedi.

"Aneba! Mukutani kuno?" Kenako anatembenukira kwa ine n'kunyonyomala pang'ono. "Amayi aja ndi amenewa? Mwayenda bwanji, mayi? Iii, mwana wanuyu watikhetsa thukuta sabata yonse! Loweruka tinapaka penti. Dzulo tasenza matiresi tili awiri kudutsa njanji, ogulitsa makala akutikuwiza kuti mkwatibwi ndani. Bedi waliikira njerwa kunsi kuti bondo lanu lisavutike podzuka. Nanga kuno mukufunako chiyani? Kapena kwathu kuja kwachepa?"

Anaseka yekha. Ife sitinaseke.

"Ndinasamuka miyezi inayi yapitayo," mwana wanga anatero, maso ali pasimenti. "Ndili ndi chipinda changachanga tsopano. Ndimafuna mungochiona. Beseni n'loviikamo mwendo wanu."

Ine ndakalipirapo aphunzitsi, ogulitsa nyama, ngakhale apolisi apamsewu, mawu osandithera. Koma tsiku limenelo ndinangoyang'ana beseni lija. Ndinakumbukira kondakitala akuseka, ndi mwana wanga atakumbatira beseni. Woleredwa bwino. Ndinamulera ndine, ndipo ndinamunyoza ndine, pagulu, pepala lili m'manja ngati mlaliki.

Ndinalipinda pepalalo n'kuliika m'chikwama.

"Tiye."

"Kuti?"

"Kunyumba kwako."

"Kwa nkhumba?" Anafunsa motsitsa mawu, koma mayi woyeretsa uja anamva. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutola thaulo lake.

"Makiyi mungosiya pachitseko," anatero, n'kutuluka.

Tinatsika chitunda wapansi, pang'onopang'ono. Sindinama, fungo linalipodi. Pangalande panali matabwa awiri, ndipo powoloka mwanayo anandigwira chigongono, koma atangondiwolotsa anandisiya. Azimayi amene ankachapa pampopi anaimirira kundipatsa moni mmodzimmodzi. Onse ankadziwa za bondo langa. Wina anafunsa ngati ndi lamanzere kapena lamanja. Ndinawapatsa dzanja onsewo.

Chipindacho chinali chaching'ono, penti wobiriwira akununkhabe. Mapoto anali pashelefu kutali ndi pansi, nsapato m'thumba lopachika pamsomali, ndipo pakhomo panali kakhoma ka njerwa kotchinga madzi. Neti inali itamangidwa kale. Pakona panali mphasa yopinda, yomwe iye amati azigonapo.

Dzanja langa linapita lokha pakona ya matiresi. Ndinazindikira nditagwira kale.

"Tukulani, amayi," anatero. "Muone bwinobwino. Mpopi uli panja, pilo ndi uyo."

Ndinabweza dzanja. Ndinakhala pabedipo, ndipo linali lokwera mokwanira ndendende, bondo silinalire. Ndinavula nsapato imodzi, kenako inayo, ndikufunafuna mawu. Omwe anabwera ndi awa okha:

"Penti mwapaka bwino."

Anatenga beseni lija n'kupita kukatereka madzi.