Kachewere wa a Rafaelo Wabiriwira

"Taona ntchito ya foni yakoyo," anatero a Rafaelo, akukhuthula thumba la kachewere pakhonde. Yense anali atabiriwira, ndipo ogula a pamsika wa Chimbiya anali atamukana. "Amati safunsa anadya phula. Nanga ine wofunsane ndadya chiyani?"

Jesinta, mwana wa mlongo wawo, anagwira pakamwa, manyazi atamukuta. Ndi iye amene analemba pulogalamu yotumiza malangizo pafoni kwa alimi a kalabu ya m'mudzimo. Amalume akewo anakalambira pa ulonda ku Lilongwe, kachewere ankalima koyamba, ndipo uthenga wapafoni ankautenga ngati ulaliki wa abambo mfumu. Uthengawo unati ayanike padzuwa masiku atatu.

"Loweruka ndikauza kalabu kuti tizisiye zimenezi. Koma tandiuza kaye, chinthuchi chimaganiza bwanji?"

Jesinta anatsegula laputopu, ndipo cholakwa sichinavute kupeza. Kasungidwe ka mbewu zonse anakaunjika pamzere umodzi: ngati ndi nyemba, chakuti, ngati ndi mtedza, chakuti, zotsala zonse, ngati chimanga. Kachewere anamuiwala.

"Ndiye kachewere wanga chinamuyesa chimanga?" A Rafaelo anaseka chikhakhali, mkwiyo uli pomwepo.

"Pali njira ina, amalume, amati polimofizimu. Ndinaiphunzira, koma ndinachita ulesi. Funso limakhala limodzi, lakuti usungidwa bwanji, koma mbewu iliyonse imanyamula yankho lakelake."

A Rafaelo anasendera pafupi, maso ali pagalasi la laputopuyo. "Ngati wezulo ya kuntchito kwathu? Ikalira kamodzi, wapageti amatseka geti, wa agalu amamasula agalu."

"Basi, zomwezo!"

Analembanso zonse mpaka dzuwa linapendeka, amalumewo akufunsa mzere uliwonse ngati apolisi. Atayesa kachewere, yankho linati asungidwe pamthunzi, podutsa mphepo.

"Tsono lemba kabichi tione."

"Kabichi sindinamuphunzitse."

"Lemba, mayi!"

Analemba. Pulogalamu inakana, niti kabichi alibe yankho lake, ndipo sinatumize kanthu.

A Rafaelo anagwedeza mutu. "Bola pamenepo. Chosadziwa chizikhala chete." Anadzuka n'kusasa fumbi pathalauza. "Kukalabu sindikakuneneza. Ukadzinenera wekha Loweruka, thumbali lili pamutu."

Jesinta anatseka laputopu, nagwada, n'kuyamba kutola kachewere mmodzimmodzi.