Golide Poyamba, Inki Pambuyo

"Musakhudze, alamu!"

Dzanja la Eness linali litafika kale pachivindikiro cha bokosi, ndipo sanalichotse. Anangotembenuka n'kuyang'ana Ibrahim, mng'ono wa mwamuna wake, ataima pakhomo la kachipinda kam'mwamba, jekete likudontha mvula ya ku Lozells.

Linali Loweruka, pa 18 Novembala 2023. Mwamuna wake, Twaibu, anamwalira Lachiwiri, anaikidwa Lachitatu kumanda a ku Handsworth. M'bokosimo munali ntchito yake ya zaka khumi ndi chimodzi: Kurani yolemba pamanja ndi cholembera cha bango, tsamba lililonse lozunguliridwa ndi maluwa agolide ndi abuluu. Mwa magawo makumi atatu, anangotsala atatu.

"Sindikukunyozani," anatero Ibrahim motsitsa mawu. "Koma munthu wosasamba wudhu, kusamba kwa mapemphero kuja, sakhudza mawu a Kurani. Nanga inu ndinu a tchalitchi."

"Ndakhala wa tchalitchi m'nyumba muno zaka 24. Mwazindikira lero?"

Kumbuyo kwa Ibrahim kunatulukira a Haji Amidu, akuwefuka ndi masitepe. Anali eni kampani ya matakisi ku Coventry, ndipo ndiwo ankaitanitsa mapepala ndi golide kuchokera ku Istanbul chiyambire 2012.

"Mayi, pepani ndi zovutazi," anatero a Haji. "Ndapeza mlembi ku Leicester, amaliza zotsalazo Ramadani isanafike. Kumapeto alemba dzina la amene anaimira ntchitoyi, monga ankachitira mafumu akale. Si kudzikweza ayi, ndi mwambo."

"Mfumu ya matakisi," anatero Eness.

Ibrahim anatsokomola.

"Nanga mlembi wanuyo, maluwa ajambulanso?" anafunsa Eness.

"Maluwa alipo kale. Malemu anandionetsa masamba otsalawo, onse okongoletsa, kungodikira mawu. Ankagwira ntchito chobwerera munthu uja. Anzake amayamba kulemba, kukongoletsa pambuyo."

"Munawafunsa chifukwa chake?"

Eness anakoka dirowa ya tebulo, natulutsa kambale kosinjiramo golide ndi timaburashi tinayi tothothoka nsonga. Anaziyala pamaso pawo chimodzichimodzi.

"A Twaibu ngakhale duwa la dzungu sankalitha. Chilembo, eya. Duwa, ayi. Ndinkachokera ku shifiti ku Edgbaston, kuvula yunifomu, kukhala pampando uwu, kuyamba kujambula maluwa. Iwo anati, 'Muziyamba ndinu, tsamba likadali pepala wamba. Inki ikangotera, si lanunso.' Ndipo tsamba lolembedwa sindinalikhudzepo, ngakhale limodzi. Ndiye malamulo musandiphunzitse m'chipinda muno, alamu. Ndawasunga kuposa mmene mukuganizira."

Ibrahim anakhala pansi pa bedi laling'ono lomwe mkulu wake ankapumirapo masana. A Haji anapukuta pamphumi.

"Izi zisamveke kumzikiti," anatero a Haji.

"Zimveka. Ndikawauza ndekha ashehe."

"Mayi, bukuli likuchoka muno lero. Musativute."

Panali chinthu chimodzi chokha chomwe Eness anatsala nacho, ndipo iyenso sankadziwa kuti chimuyimira kapena chimugwetsa. Twaibu anali munthu wosadziwa kukana. A Haji akaimba foni, ankayankha ataimirira.

"Tsamba lomaliza analilemba kale," anatero Eness. "Pa 9 Okotobala, tsiku lomwe adokotala anawauza kuti mankhwala aleka kugwira. Chiarabu sindiwerenga, ndipo sanandiuze zomwe analembazo. Alamu, kasambeni, mudzaliwerenge mokweza. Mukapezamo dzina la a Haji, nyamulani zonse, sindidzatsegulanso pakamwa. Likapanda kupezeka, bukuli likhala pano, mlembi wa ku Leicesteryo azibwera ndi basi."

A Haji anamwetulira. "Ndavomera."

Madzi anamveka akutsika kubafa. Ibrahim anabwerera malaya atapinda mpaka m'zigongono, natsegula bokosi, n'kunyamula mulu wa masamba mosamala mpaka anafika pa lapansi. Milomo yake inayenda kaye popanda mawu. Kenako anayamba kumasulira.

"'Walemba ndi wochimwa Twaibu mwana wa Jafali, wa ku Namwera. Zolakwika zonse ndi zake.'"

Anaima.

"Pitirizani," anatero Eness.

"'Amene anathandiza ndi mapepala, Mulungu akumudziwa dzina, ndipo zimenezo n'zokwanira. Golide anaika ndi Eness mwana wa Suzgo, Mkhristu, mkazi wanga. Wowerenga iwe, ukamapempherera mlembi uyambe ndi mkaziyo, pakuti pa tsamba lililonse ndiye ankayamba.'"

A Haji anasuzumira tsambalo, maso akutsika mzere ndi mzere ngati mwina Ibrahim wadumpha pena. Atafika pansi anakonza chisoti chawo, natsika masitepe osatsanzika. Chitseko chakunja chinatsekedwa mofatsa.

Ibrahim anakhala nthawi ali chinyamulire tsambalo. Kenako analitembenuzira kwa Eness, natola cholembera cha bango patebulo, n'kuloza ndi kumbuyo kwake.

"Dzina lanu ndi ili, alamu. La iwowo ndi ili."

Eness anawerama. La Twaibu linali kam'munsi pakona, tizilembo tating'ono tofuna kutsinzinira diso. Lake linadzaza mzere wonse.