Nthomba ya Mbewa ndi Alamu Anga

Dzulo masana ndinangotsamira mtengo wa mango, tulo n'kundigwira, ndipo mpaka pano thupi likundiyabwa.

Ndinalota ndikukumba mbewa kumunda, khasu n'kuboola una waukulu ngati tchalitchi. M'katimo mbewa zinali pamzere, zonse zili ndi nthomba, mapazi otupa, michira ikuthothoka yokha. Fungo lake ngati chikopa chonyowa. Ina ikangonyambita inzake, basi yaipatsira. Koma banja lina la mbewa zakuda linali bwinobwino, likukukuta mtedza wanga.

"Inu osadwala bwanji?" ndinafunsa.

"Ndi magazi akwathu, achimwene," inayankha yaikazi yonenepa. "Makolo athu sanadwalepo. Nanga inu ndinu a mtundu wanji?"

Ndinaionetsa chipsera cha katemera paphewapa, iyo n'kuseka mpaka kugwa chagada.

Podzuka ndinapeza alamu anga, aja amatulukira nthawi ya chakudya yokha, akuyang'anitsitsa mpani wanga wa mbewa. Ndinawafotokozera malotowo bwinobwino, osaiwala za michira ija.

"Alamu, kodi zimenezi zikutanthauza chiyani?"

"Ine ndadya kale kunyumba," anatero akukwera njinga.

Tanthauzo lake sindikulidziwabe. Mbewazo ndinadya ndekha, koma ndinayambira zakudazo.