Mlendo Wodzaona Tenti

Etta anali atanyamula thireyi ya makapu pamene anamva mlamu wake akulankhula pakhomo lakumaso, m'Chingerezi chake chija chosungira mabwana.

"Lowani bwana, lowani. Ili kuseri. Muione kaye, mtengo tikambirana."

Anaika thireyi pamasitepe. Linali tsiku lachitatu chimwalirireni mwamuna wake, Biswick, ndipo nyumba yawo ya ku Woolwich inali itadzaza mpaka m'khitchini. Pabalaza azimayi a kutchalitchi anali atakhala pakapeti akuimba motsitsa mawu. Pakhomo panaima mzungu wokalamba, jekete itanyowa, ndodo m'manja, akuyang'ana mulu wa nsapato womwe unatseka kanjira.

"Alamu, awa ndani?"

Rogers, mkulu wake wa Biswick, sanamuyang'ane. "Izi n'za amuna, amake Chiye. Bwererani kwa azimayi."

"Ndafunsa kuti ndani."

"Abwera kudzaona tenti."

Tentiyo Biswick anaigula kwa munthu zaka zitatu zapitazo, atangopeza vani yakale yogonamo. Inalibe zitsulo. Mizati yake inali machubu opopa, ndipo ikaima inkalumikizika kukhomo la vani n'kukhala ngati khonde. Etta sanaikonde chiyambire. Koma maliro atachitika, mvula ya Novembala ikugwa, amuna analibe pokhala. Anyamata a kwaya ndiwo anaitulutsa, naipopa kuseri kwa nyumba pomwe vani inkaima. Tsopano munali azibambo oposa khumi, atavala majasi, atazungulira hita, akuwotha.

"Kudzaona tenti," Etta anabwereza. "Tenti yomwe mwakhala anthu olira m'bale wanu?"

"Satenga lero. Angoona."

Chiye, mwana wamkazi wa malemu, anatsika masitepe foni ili m'manja. "Mami, ili pa intaneti. Ankolo anaiika dzana. Ndi vani yomwe. I was going to tell you."

"Dzana?" Etta anatembenukira kwa Rogers. "Dzana m'mawa ndinali kuchipatala kusayinira mtembo. Inu munali kuno kujambula katundu?"

"Tsitsani mawu, pali mlendo."

"Mlendo wanu ameneyo. Nyumba ino ndi yanga."

Nyimbo inaduka pabalaza. Rogers anamugwira mkono kuti alowe naye m'khitchini, koma Etta anausasa. Analowa yekha, Rogers akumutsatira, natseka chitseko chomwe sichinkatsekeka bwino.

"Tamverani, alamu," anatero Rogers. "Amayi ku Ntcheu akundiimbira m'mawa uliwonse. Akufuna mwana wawo. Mukudziwa kuti kukweza mtembo ndege si masewera. Ndalama za mpingo ndi za bungwe lathu la maliro sizikwana. Ndiwauze chiyani? Kuti mwana wawo wakanika kubwera chifukwa tikusunga chidole cha azungu?"

"Ndani wakana kuti apite kwawo? Iye mwini ananena, ine ndinavomera. Vuto n'loti simunandifunse."

"Munali mukulira."

"Ndiye munaona kuti mpata ndi womwewu."

"Ine ndine mwinimbumba pano."

"Mwinimbumba!" Etta anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Masabata asanu mng'ono wanu ali gone, dzanja silikugwira, pakamwa patapotoka. Munabwera kangati? Kwanu ku Peckham ndi kuno, basi imodzi. Munabwera kamodzi, n'kuima kumiyendo kwa bedi ngati mukudikira sitima. Koma vani yomweyi mumaibwereka mwezi ndi mwezi. Njira ya kuvani mumaidziwa."

Nkhope ya Rogers inauma. "Sindikanatha kumuona ali choncho."

"Ine ndinkatha? Ndinkachoka pashifiti yosambitsa makolo a anthu ena n'kukasambitsa iye. Zija zinachitikira amayi anga ku Balaka, abale a bambo kunyamula mpaka mapoto maliro asanatuluke, ndinkati zatsala komweko. Kani munabwera nazo pandege."

"Mukundinena kuti ndine wakuba?"

"Lero tenti. Mawa vani. Mkuja mundifunsa mapepala a nyumba."

Chitseko chinakankhidwa pang'ono. Anali Chiye, kumbuyo kwake kuli mkulu uja atavula chipewa.

"Mami, tawamverani awa. Akuti sanabwere kudzagula."

Mkuluyo anayang'ana Etta, kenako Rogers, maso ake otuwa akufufuza ngati munthu wosaona bwino. Analankhula m'Chingerezi, pang'onopang'ono.

"Pepani, ndikuona kuti ndafika tsiku lolakwika. Ndimangofuna kuonana ndi Biswick. Dzina langa ndi Roy."

Ketulo inali ikuwira, Chiye anaizimitsa.

Dzinali Etta ankalidziwa. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse Biswick ankadzuka m'mamawa, kulongedza tenti m'vani, n'kunena kuti, "Ndikupita kwa Roy." Ankabwera madzulo nsapato zili matope. Poyamba Etta ankaganiza kuti ndi mnzake wa mowa. Pambuyo pake anayamba kuganiza kuti Roy ameneyu amavala diresi. Sanafunse, poopa yankho. Biswick ali m'chipatala, dzinali linaonekera pafoni yake kasanu ndi kawiri. Etta ankangoliyang'ana mpaka foni itasiya kulira, kenako anaizimitsiratu.

"Bambo anamwalira Lolemba," anatero Chiye. "Sitiroko. I'm sorry."

A Roy anafufuza mpando ndi dzanja. Chiye anawakokera. Anakhala, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Koma pafoni paja munati mukufuna tenti," anatero Rogers.

"Ndinafunsa ngati ndi ya Biswick. Munati inde, bwerani Lachinayi, n'kundipatsa adiresi. Kenako munadula."

A Roy anafotokoza mwapang'onopang'ono. Tentiyo inali yawo. Anaigula ku Holland ndi mkazi wawo Peggy, ndipo anayenda nayo zaka zambiri. Peggy atamwalira, maso nawonso atayamba kufooka, dokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto. Vani yawo anagulitsa, tenti anailengeza m'nyuzipepala. Amene anabwera ku Romford kudzaiona anali Biswick.

"Anandivuta tsiku limenelo. Anapopa chubu chilichonse, n'kuika khutu kumvetsera ngati chikutuluka mpweya. Anapeza bowo lomwe ine sindinkalidziwa. Atatha zonsezo anandifunsa kuti nanga ine ndizipita bwanji kunyanja. Ndinali nditamuuza kuti phulusa la Peggy tinakalimwaza ku Mersea. Ndinati sindizipitanso. Patatha mwezi ndinangomva hutala panja."

Sabata yomwe ino mnansi wawo, yemwe amakonda zokagona kutchire, anawaonetsa chithunzi cha tenti yogulitsa pakompyuta. Anaizindikira ndi chigamba chobiriwira chomwe Peggy anasoka pakhomo pake. Biswick anali atajomba Loweruka lawo koyamba, foni osayankha. Ndiye anakwera sitima mpaka ku Stratford, nasinthira sitima ina ya DLR, kufunsa njira kwa anthu.

"Ndinkaganiza kuti ndamulakwira," anatero.

Rogers anayang'ana pansi. Chiye ankalira mwakachetechete. Koma Etta anatembenukira kwa a Roy.

"Zaka zitatu," anatero m'Chingerezi. "Zaka zitatu akukutengani inu kunyanja. Mukudziwa kuti ine nyanja ya dziko lino sindinaionepo? Ndakhala kuno zaka khumi ndi zinayi. Ndimadziwa basi, ndimadziwa nyumba ya okalamba komwe ndimagwira, ndimadziwa msika. Loweruka limenelo ndi lomwe tikanakhala limodzi."

"Mami."

"Ndisiye, Chiye. Munkachita chiyani kumeneko tsiku lonse?"

"Palibe chenicheni," anatero a Roy. "Ankaimika tenti, ine ndinkakhala pampando. Ankaphika tiyi wa shuga wambiri. Kawirikawiri ankagona. Ankatopa kwambiri." Anazengereza. "Ankati anakupemphani kuti mubwere."

"Anandipempha kawiri, ndili pashifiti. Kachitatu sanafunsenso."

Anatembenukira kusinki natsegula madzi popanda chotsuka. Zinali zoona. Zinalinso zoona kuti ulendo wachiwiri anamuyankha kuti sanawoloke nyanja zonsezi kudzagona m'tenti ngati wothawa nkhondo. Biswick anaseka, nanyamula makiyi. Ndi mmene analili. Ukamukalipira sankabweza, ankangopita kukachita zomwe anaganiza, n'kukusiya ndi mkwiyo wako wopanda poutula. Ndipo tsopano wachitanso zomwezo.

"Chitsiru cha munthu," anatero m'Chichewa. "Kungondiuza kuti ndi nkhalamba yosaona, chinamuvuta n'chiyani?"

"Mwina ankaopa kuti munena kuti akuwononga petulo," anatero Rogers motsitsa.

"Inu khalani chete. Inuyo munkadziwa?"

"Ayi."

"Ndiye tonse sitinkamudziwa. Koma ine sindinagulitse zinthu zake ali m'firiji ya kuchipatala."

Anatseka madzi, napukuta manja pachitenje. "Chiye, kachotse chithunzi chija pa intaneti. Pompano. Alamu, mupatseni pasiwedi."

"Nanga za ndege?"

"Tikhala pansi mawa, ine, inu, Chiye ndi abusa. Ngati vani iyenera kupita, ndinena ndine, mtengo ndiika ndine. Amayi mwana wawo amuona. Koma mukakhudzanso ngakhale sipuni m'nyumba muno osandifunsa, ndidzakutulutsani pamaso pa mpingo wonse."

Rogers anatchula pasiwedi, Chiye nailemba padzanja.

A Roy sanamve Chichewacho, koma anadzuka. "Ndakusokonezani. Ndizipita."

"Simungachoke pamaliro osakhala pansi," anatero Etta mwaukali, ngati akuwadzudzula. "Amuna ali kuseri. Alamu, apititseni."

Etta anawatsatira ndi thireyi ija, tiyi atazizira kale. M'tenti azibambo anasendera, mmodzi napereka mpando wake. Rogers anawauza mwachidule kuti awa anali mnzake wa malemu. Aliyense anadzuka kudzawagwira dzanja. A Roy anakhala pakati pawo mphindi makumi atatu, osamva kanthu pa zokambidwa, dzanja lawo likusisita chubu chomwe chinali pafupi. Mvula inkagunda pansalu. Nthawi ina anauza mkulu wa mpingo kuti chingwe cha kumanzere chamasuka, madzi adikha padenga. Mkuluyo anatuluka kukachikunga.

Cha m'ma folo koloko kunja kutayamba kuda, a Roy anaimirira nafunsa njira ya kusiteshoni. Anati kukada saona zikwangwani.

"Mukafika bwanji?" anafunsa Chiye.

"Ndikafika. Chovuta ndi kiyi basi, kupeza bowo la loko. Bambo ako ankadziwa. Sankatsika kudzandithandiza, ankati ndingazolowere. Ankangokhala m'vani, magetsi ataunikira pachitseko, mpaka nditalowa n'kugogoda pawindo. Tsiku lina ndinaiwala kugogoda, ndinapita kukagona. Patatha theka la ola ndinamva belu. Anali atakwiya zedi."

Etta analowa m'nyumba. Anabwera ndi makiyi a vani, nawaponya pachifuwa pa Rogers. Anagwera pansi, Rogers nawatola.

"Kawatuleni ku Romford."

"Panopa? Alamu, mtunda wonsewo, ndi mzere wa magalimoto wa ku Blackwall? Komanso tenti yalumikizidwa kuvani. Tiwatulutse anthu pamvula?"

Chiye anamasulira. A Roy anapukusa mutu. Anapapasa m'mphepete mwa denga la vani mpaka anapeza kalamba komwe kankagwirizanitsa ziwirizo, nakakoka. Kanasololoka konse. Nsalu inagwa n'kutseka mbali imeneyo, tenti n'kutsala chiimire payokha, azibambo ali m'kati ndi makapu awo.

Rogers anatsegulira a Roy chitseko, nawathandiza kukwera. Injini inakana kawiri, kachitatu inalira. Akubwerera chambuyo kulowa m'kanjira ka kuseri, Etta anayenda pamvula wopanda nsapato nagunda galasi ndi chikhatho. Rogers analitsitsa.

"Musatsike kukawatsegulira," anatero. "Muunike pachitseko. Ndipo musachoke mpaka atagogoda pawindo."

Rogers anamuyang'ana, madzi akutsika pankhope ya mlamu wakeyo.

"Ndamva, alamu," anatero, nayatsa magetsi.