Zimene Anagulitsa a Manuel

Chaka chimene a Manuel analowa kalasi ya ubatizo, mudzi wawo wa kwa Mphuka, m'mbali mwa Zambezi, unatopa ndi fanizo limodzi. Analimva kwa akatekisiti Lamulungu lina, ndipo kuyambira pamenepo ankaligwetsera aliyense: asodzi padooko, anzawo pamowa umene ankati anasiya, ngakhale amalonda a ku Zumbo amene ankangofuna kugula nsomba zouma za pende n'kumapita. Akuti munthu wina anapeza chuma chokwiriridwa m'munda wa eni. Anachikwiriranso, n'kuthamangira kwawo akusekerera, ndipo anagulitsa zonse zimene anali nazo kuti agule mundawo.

"Munthu ameneyo ndine," ankamaliza choncho a Manuel, akudziguguda pachifuwa. "Nagulitsa zonse, ndipo mtima wanga uli mbee!"

Emelina, mkazi wawo wamkulu, ankamva mawuwa akuwamba nsomba kuseri kwa nyumba, ndipo ankaponya maso uku ndi uku kufuna chimene chagulitsidwacho. Mabwato onse awiri anali padooko. Mbuzi zinali m'mapira a anthu monga mwa masiku onse. Njinga imene ankaipukuta kuposa mmene ankasambira eni ake inali chitsamire pakhonde. Chochoka pakhomopo chinali chimodzi chokha: Estela, mkazi wamng'ono. Wamitala sabatizidwa, aliyense ankadziwa zimenezo, choncho a Manuel anakonza zoti Estela abwerere kwa amalume ake tsidya la ku Zumbo, iwo atsale ndi Emelina n'kumanga naye ukwati wa m'tchalitchi.

Anthu ankati Emelina wachita mwayi. Iye akamva zimenezo ankafuna kuwagenda ndi chikuni.

Estela atangobwera pakhomopo, n'zoona, Emelina sankamuyankha ndi moni womwe. Koma udani umafuna nthawi, ndipo munthu amene mukusinja naye mtondo umodzi, n'kumapirikitsa naye mvuu kudimba, sungamude mpaka kalekale. Kenako kunabadwa Philomena. Emelina, amene Mulungu sanamupatse mwana ngakhale mmodzi, ndiye anamusambitsa koyamba. Estela atadwala nthawi yoletsa kuyamwa, kamwanako kanasamukira pamphasa ya Emelina, ndipo sikanabwererenso. Tsopano kanali kataguluka mano akutsogolo, kakumutsata kumadzi ndi kamtsuko kake, kakumuitana kuti amayi aakulu. Koma kwa anthu awa mwana ndi wa kuchikazi. Kumene akupita Estela, Philomena akupitanso komweko, ndipo panalibe bwalo limene Emelina akanakadandaulako.

Chimene chinkamuwawa koposa chinali chimwemwe cha Estela. Mkazi akuchotsedwa pabanja, iye n'kumayimba! Kwa zaka zambiri Estela ankakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi chaudzu chija, mapemphero onse ali pamtima, koma madzi a ubatizo osamukhudza chifukwa anali mkazi wachiwiri. Tsopano njira ya ubatizo inali itamutsegukira, ndipo ankagawa katundu wake ngati munthu amene wamva kuti mawa kulibe. Nkhuku anapatsa nkhalamba ina yakhungu. Miphika inapita kwa anansi. Tsiku lina anapeza Emelina akupalira kudimba, n'kumuikira khasu lake pamapazi.

"Akulu, dimba langa lija mulitenge. Maungu ayamba kale kuyanga."

"Useka chani?" anatero Emelina osadzutsa mutu. "Akutaya monga nsanza, iwe mano pamtunda."

"Sananitaye, akulu. Animasula. Chimene nakhala nikulirira nachipeza. Dimba n'chani poyerekeza na chimenecho?"

"Dimba ni lako, gawa. Nkhuku ni zako. Nanga mwana wanga? Iwe na amuna ako mupeza chuma, wolipira nikhale ine?"

Estela anasiya kumwetulira. Anabwerera kumudzi chimanjamanja.

Nkhaniyo inamusowetsa tulo Emelina. M'mawa mwake anapita kwa a Whiteson, akatekisiti aja, n'kuwapeza akumata tayala la njinga pansi pa mtengo wa mbuyu. Anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu, koma mawu ake sanagwade nawo.

"Aphunzitsi, munthu wa m'fanizo lanu uja, anagulitsa zake kapena za anzake?"

"Zake, amayi."

"Nanga a kwathu agulitsa chani chawo?"

A Whiteson anayang'anitsitsa tayala lija ngati yankho lili mkati. Anali munthu wachilungamo, sanafune kunama. Anangoti zamumtima mwa munthu amadziwa ndi Mulungu, ndipo anayesa kumutonthoza ndi za ukwati woyera, mphete, ndi nsalu yoyera imene a Manuel anali atagula kale kwa Mmwenye ku Boma.

"Nsalu siitana munthu kuti amayi," anatero Emelina.

"N'zoona," anavomera a Whiteson. "Ine chimene nidziwa n'chakuti munthu uja palibe anamukakamiza. Anaona yekha chimene chinali m'munda, ndipo zotsalazo zinamupepukira."

Emelina anachoka atakwiya kuposa mmene anabwerera. Zinamupepukira! N'zosavuta kunena kwa anthu amene sanagonepo ndi kamwana kotentha thupi pachifuwa.

Lamulungu lotsatira a Manuel anaimirira pambuyo pa mapemphero n'kulengeza nsembe yawo. Analankhula za mtima wosweka, za mtanda wolemera umene asenza mokondwa, mpaka amayi ena anawaimbira nthungululu. Dzina la Estela sanalitchule n'komwe, ankangoti "zimene nasiya." Emelina anakhala manja ali pamiyendo, ataluma mano. Akanakhala malo ena akanalavula.

Tsiku la ulendo linafika, dzuwa litakwera pang'ono. Alberto, mphwake wa a Manuel, anali atakhala kale kumbuyo kwa bwato ndi nkhafi yake. Katundu wa Estela anali kamtolo kamodzi ndi kolona m'khosi. A Manuel anabwera atavala jekete, kuti anthu a padooko aone mmene mkhristu amatsanzikira.

Philomena atazindikira kuti amayi aakulu sakukwera nawo, anakakamira chitenje chawo ndi manja onse awiri. Sanakuwe. Anangokwirira nkhope m'miyendo ya Emelina. Alberto anayang'ana kumbali. A Manuel anati mwanayo anyamulidwe msanga, mphepo isanayambe pamadzi.

Pamenepo Estela anatsika m'bwato, madzi akumufika m'mawondo, n'kubwera kudzagwada pamchenga patsogolo pa Emelina.

"Akulu, munanena zoona tsiku lija. Sinifuna kuti mulipire ndinu. Mwana atsale na imwe. Amalume nikawauza ndekha."

Misozi inkatsika, koma nkhope yake inali yowala ndithu, ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Emelina anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona munthu wa m'fanizo uja ndi maso ake. Sanali atavala jekete. Ndipo mkwiyo umene unamugwira unaposa wa masiku onse aja.

"Wapenga iwe? Mwana ni nkhuku, kuti ugawe? Nyamuka apo!"

Ananyamula Philomena n'kumuika m'bwato. Anakankhira Estela momwemo. Kenako anakwinya chitenje chake, nalowa m'madzi, nakwera iyenso, n'kukhala pakati mwanayo ali pamiyendo.

"Emelina!" anakuwa a Manuel. "Uperekeza mpaka kuti?"

"Siniperekeza. Nipita."

"Nanga nyumba? Madimba? Nsalu yoyera nagula ija? Ukwati wathu wa m'tchalitchi?"

Emelina anaziona zonsezo m'maganizo mwake chimodzichimodzi: nyumba imene anaizira ndi manja ake, nkhokwe yodzaza mapira, ulemu wa mkazi wamkulu umene anaupirira zaka zonsezi. Anadikira kuti mtima umupweteke. Koma kamutu ka Philomena kanali katatsamira pachifuwa pake, kakununkha utsi wa nsomba, ndipo zinthu zija zinangopepuka ngati mankhusu. Anadabwa kumva kuseka kukutuluka m'kamwa mwake, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene anthu a padooko anali asanakumvepo.

"Nagulitsa!" anatero. "Alberto, palasa."

Mnyamatayo anayang'ana amalume ake, nayang'ana amayi awiriwo, ndipo anaviika nkhafi m'madzi. Bwato linayamba kutsetsereka ndi mtsinje.

A Manuel anathamanga m'mphepete mwa madzi, jekete likukupiza, akuitana mayina onse awiri mosinthanasinthana. Asodzi amene anawamvetsera fanizo lija mpaka makutu kuwawa anasiya kusoka maukonde awo n'kumaonerera.

Emelina anatembenuka komaliza, nakweza mawu kuti dooko lonse limve.

"Pitani akakubatizeni, palibe chokutsekerezani manje! Mwakhala muuza anthu kuti mwagulitsa zonse. Lero mwanena zoona. Nanga simuseka bwanji?"